Lamulo Lachikhumi

Pali chinthu chimodzi chimene Kachidendene sanauzepo munthu, ngakhale mnzake wapadesiki amene ankabwerekana naye chilichonse mpaka chipeso. Pepala la malamulo a makolo odzipereka pasukulu pawo linali ndi malamulo asanu ndi anayi okha. Lachikhumi analipeka yekha, ataima m'kashedi ka bambo ake, yunifolomu asanavule n'komwe.

Dzina loti Kachidendene anamupatsa ndi bambo akewo. Iwo ankasoka nsapato kuseri kwa depoti ya mabasi, ndipo ankakonda kuuza makasitomala kuti mwana wawo anabadwa wochepa ngati chidendene cha nsapato ya mkwatibwi. Ankanena zimenezi mokweza, chifukwa mawu apansipansi analibe. Akaseka, amakaniko a tsidya lina la msewu ankachita kutembenuka. Mwana wawoyo ndiye anali wosiyana nawo kutalitali. Mphunzitsi akangomuloza, makutu ankamutentha, yankho lonse n'kumuthawa. Kusukulu, komwe kunali mbali ina ya tauni, palibe ankalidziwa dzinalo. Mnzake wapadesiki uja atamufunsa ntchito ya bambo ake, iye anayankha kuti amagwira kukampani ya nsapato, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimwalirireni amayi ake, zowerenga zonse zapakhomo zinagwera iye: makalata, mauthenga a pafoni, ngakhale timapepala ta mankhwala. Pakakhala anthu, bambowo ankangogwiragwira thumba la shati n'kunena kuti, "Magalasi ndasiya kunyumba." Magalasiwo sanakhalepo nawo chibadwire. Chinsinsi chimenechi ankachidziwa ndi awiriwo basi.

Tsiku limenelo Kachidendene anawapeza akumwetulira okhaokha, nsapato ya munthu ili pabondo.

"Kumsonkhano wa makolo kuja ahedi anapempha anthu oti aziwolotsa ana pamsewu wa pageti," anatero uku akusenda guluu m'zala. "Onse ziii, aliyense kuyang'ana pansi. Ine n'kukweza mkono."

"Inuyo? Nanga ntchito?"

"Nsapato sizithawa. M'mawa ola limodzi, poweruka ola limodzi. Amayi ako akanakhalapo bwenzi atapita ndi iwo. Tawerenga apa, ndimve zimene ndasayinira."

Anatulutsa pepala m'thumba. Pansi pake panali kale kasiginecha kawo kokhotakhota, kamene anaphunzira kujambula ngati chithunzi. Anatambasula zala zonse khumi, zakuda ndi polishi. Umo ndi mmene ankasungira zinthu m'mutu: chinthu chilichonse chala chake.

Kachidendene anayamba. Kholo lodzipereka lizisayina m'buku la pageti pofika ndi pochoka. Chala chinapindidwa. Lizivala jekete yachikasu nthawi zonse. Lisamenye mwana kapena kumukalipira. Lisakhale lokha ndi mwana m'chipinda. Lisajambule ana pafoni. "Foni yanga yamabataniyi ijambule ndani?" anaseka bambowo, koma chala anapinda. Lisapatse mwana chakudya kapena mankhwala. Zimene lamva pasukulu lisakazifalitse kunja. Likalephera kubwera lidziwitse ofesi. Pamsewu, maso ake asachoke pa ana.

Pakamwa pankawerenga, koma m'mutu mwa mtsikanayo munali chithunzi china. Ankawaona bambo ake pageti la sukulu, anzake onse a m'kalasi ataima pomwepo, iwo akukuwa ndi mawu awo aja kuti, "Kachidendene, wathamangiranji osamwa tiyi?" Ankamva kale kuseka. Ankaona mnzake wapadesiki akuyang'ana zala zakudazo, kenako n'kumuyang'ana iye.

Chala chachikulu chakumanja chinali chikadali chiimire.

"Atha?" anafunsa bambowo. "Chala chimodzi chatsala chopanda ntchito."

Iye sanaganize n'komwe. Mawu anangotuluka, osalala ngati olembedwadi. "Lachikhumi. Kholo lodzipereka lisalankhule ndi mwana wake pasukulu. Lisamuitane, lisamugwire, ndiponso lisasonyeze kuti mwanayo ndi wake."

Bambowo anayang'ana chala chotsalacho.

"Ngakhale moni?"

"Ngakhale moni."

"Lakhwima limenelo." Anakanda chibwano. "Komatu ali ndi nzeru anthuwa. Akuopa kukondera. Pamsewu ana onse akhale ako mofanana." Anapinda chala chija pang'onopang'ono. "Chabwino. Ndalisunga."

Ndipo analisungadi. Lolemba lake anafika pageti mlonda asanamalize kusesa. Jekete yachikasu anali ataichapa ngakhale inali yatsopano. Anapatsidwa wezulo ndi kachikwangwani kofiira koimitsira magalimoto, ndipo pasanathe sabata ana anali atawatcha a Wezulo. Ankadziwa mwana aliyense ndi nsapato zake. "Iwe wa lamba womasuka, dikira. Iwe wa soli yoyasamula, uwauze amayi ako asachedwe nayo." Ana ang'onoang'ono ankalimbirana dzanja lawo. Oyendetsa maminibasi, amene samvera munthu, ankaima akamva wezuloyo, ena mpaka kupereka sawatcha.

Kachidendene akafika, iwo ankayang'ana pamwamba pa mutu wake, ngati akuwerenga mitambo. Iye ankadutsa mutu uli pansi. Kunyumba ankanyamuka mosiyana, bambo patsogolo, mwana pambuyo. Madzulo bambowo ankamufunsa monyadira, "Wandiona lero? Ngakhale diso sindinaphethire."

"Ndakuonani, ababa."

"Mdala wa pageti uja amandiseketsa," anatero mnzake wapadesiki tsiku lina. "Koma zala zake waziona? Ngati amakumba nazo makala."

Kachidendene anaseka pang'ono, kuti asaoneke wachilendo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi kunagwa mvula m'mawa. Potsika m'mphepete mwa msewu, Kachidendene anaterereka n'kugwa chafufumimba pamapazi penipeni pa bambo ake. Bondo linang'ambika pa simenti, makope n'kumwazikira m'madzi. Atadzutsa mutu anaona dzanja lakuda lija likubwera. Linafika pafupi, linaima m'malere, kenako linabwerera n'kukagwira wezulo.

"Mayi," anamva bambo ake akuitana, "tathandizani mwana uyu."

Amene anamudzutsa anali kholo lina lodzipereka, mayi wa saluni ya pafupi ndi sukulu, wonunkhira mafuta a tsitsi, zikhadabo zofiira. Anamupukuta ndi mpango wake uku akuyang'ana a Wezulo ndi diso loipa. "Bambo inu mtima wanu ndi wamwala. Mwana wagwa pamaso panu, inu mwangoti njo ngati mtengo wa magetsi."

Madzulo ake bambowo anafunditsa madzi, anathiramo mchere, n'kugwada pansi kutsuka bondolo. Ankapukuta mofatsa ngati nsapato yodula.

"Undikhululukire, mwana wanga. Dzanja linatuluka lokha, ndinachita kulibweza. Tsiku lonse singano yakhala ikundibaya. Koma ndinasayina."

Apa ndi pomwe Kachidendene akananena zoona. Mawu anafika pamilomo. Koma anaona pamutu pa bambo ake pomwe tsitsi linayamba kuyera, anaona mmene ankauzirira chilondacho, ndipo anangoti, "Sichikupweteka kwambiri."

Kuyambira tsiku limenelo a Wezulo anayamba kumuyang'anitsitsa mayi wa saluni. Mayiyo anali ndi mwana wamwamuna m'kalasi ya ana oyamba kumene. M'mawa uliwonse ankamunyamula kumuwolotsa yekha, kumupukuta mphuno, kumukonza kolala, kumupsompsona pachipumi, uku akumutchula kuti bwana wanga, anthu onse akuona.

"Malamulowa anatipatsa ofanana kapena ena analandira afupiafupi?" ankang'ung'udza bambowo kunyumba. "Wakeyo ndi mwana, wanga ndi chidole? Ine ndinakusiya m'matope."

"Asiyeni, ababa. Mwina sanawerenge bwino."

"Ndiye wina awakumbutse."

"Si ntchito yanu imeneyo. Chonde asiyeni."

Anamusiyadi masiku asanu ndi atatu. Lachinayi lotsatira, nthawi yoweruka, Kachidendene anali m'gulu la ana odikira kuwoloka pamene anaona bambo ake akusendera kwa mayi uja. Anavula chipewa. Anayesetsa kunong'ona, koma kunong'ona kwawo kunamveka mpaka pa geti.

"Mayi, pepani, musanditenge molakwika. Ndimati ndikukumbutseni lamulo lachikhumi."

"Lamulo lanji?"

"Lija loletsa kugwira mwana wako kapena kulankhula naye tili pantchito pano."

Mayiyo anatsitsa mwana wake, manja n'kuika m'chiuno. "Ndisagwire mwana amene ndinabereka ndekha? Walamula ndani? Inuyo?"

"Si ine, mayi. Zili papepala. Tonse tinasayina."

"Pepala lake liti? Mwayamba kudziona ngati ahedi chifukwa cha kawezuloko? Poyamba munasiya mwana wa eni ake akuvimvinizika m'madzi, lero mukufuna mundiphunzitse kulera?"

"Mwana ameneyo musamutchule," anatero bambowo, ndipo ulendo uno sananong'one.

Makolo odzatenga ana anayamba kuunjikana. Kachidendene anabisala kumbuyo kwa mnyamata wamtali wa kalasi yapamwamba. Palibe ankayang'ana msewu. Tiatsikana tiwiri ta kalasi yoyamba, titagwirana manja, titaona kachikwangwani kofiira kali m'mwamba m'dzanja la a Wezulo, tinayesa nthawi yakwana. Tinalowa mumsewu.

Mabuleki a lole analira mpaka mbalame zinabalalika mumtengo wa pageti. Lole inaima chopingasa, fungo la matayala lili kobo. Tiatsikana tija tinaima pakati pa msewu, osakhudzidwa, kamodzi kakulira, kena kakuyang'ana bampala imene inali pafupi moti kakanaigwira ndi dzanja. Dalaivala anatulutsa mutu n'kutukwana mtundu wonse wa anthu ovala zachikasu.

Ahedi anatuluka muofesi akuthamanga, chinthu chimene palibe mwana anaonapo. Anali mayi wamfupi, wosakweza mawu. Ananyamula kolira kaja, anamva mbali zonse ziwiri mwachidule, kenako anati, "Mawa teni koloko, nonse awiri muofesi mwanga. Bambo, lamulo mukunenalo ine sindikulikumbuka. Mubwere ndi pepala lanu tidzalione."

Dzuwa lisanalowe, bambowo anali atatsitsa kale chitini chimene ankasungiramo mapepala ofunika. Anayala pepala lija patebulo n'kulisita ndi chikhatho.

"Za msewuzo ndalakwa, ndikavomera. Maso anachoka pa ana, chala chachisanu ndi chinayi. Ndikanapha ana a eni ake. Koma asanene kuti ndine wabodza. Ine sindinayambe ndapekerapo munthu nkhani." Anamupatsa cholembera chofiira. "Undiikire chizindikiro pa lachikhumipo. Akandifunsa ndingoloza, osayamba za magalasi pamaso pa mayi uja."

Kachidendene anayang'ana pepalalo. Manambala anathera pa naini. Pansi pake panali mzere umodzi wopendekera, kenako malo osayina. Anaganiza zolemba yekha lamulolo ndi dzanja, koma ndani akanakhulupirira inki pakati pa zotayipa? Anaganiza zotayira tiyi papepalapo. Anaganiza zodwala mawa.

"Bwanji, sukulipeza?"

"Ndalipeza."

Anajambula kanyenyezi kofiira pambali pa mzere wopendekera uja. Bambo ake anaika chala pomwepo, anayeza mtunda kuchokera pansi pa pepala, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Ubwino wokhala ndi mwana wophunzira ndi umenewu," anatero. Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la jekete yachikasu, yomwe inali pa msomali kuseri kwa chitseko.

Chakudya chamadzulo chinamukanika Kachidendene.

M'mawa mwake, itatsala pang'ono kukwana teni, anapempha mphunzitsi wa masamu kuti apite kuchimbudzi. Sanapite kumeneko. Anazungulira kuseri kwa ofesi, pomwe panali mpopi wodontha ndi zidebe za okolopa, n'kutsamira khoma pansi pa windo. Magalasi a windolo anali otsekula. Ankamva chilichonse, ndipo akaimirira ndi zala ankaona msana wa jekete yachikasu.

Bambo ake ndiwo ankalankhula. Anapepesa za lole ija mosazungulira. Mayi wa saluni anapepesanso, koma mwamsangamsanga, ngati munthu wolavula nthanga.

"Tsopano za lamulo lija," anatero ahedi. "Langa ndi ili, lili ndi malamulo asanu ndi anayi. Mwina munalandira pepala lakale. Tione lanu."

Kunamveka kukhwekhwereza kwa pepala.

"Apa, mayi. Pali kanyenyezipa."

Kachidendene anatseka maso. Mpopi unkangodontha m'chidebe.

"Bambo, apa palembedwa kuti, 'Tikuthokoza chifukwa cha mtima wanu wofuna kuthandiza ana athu.'"

"Ayi, pomwe pali chofiirapo."

"Ndi pomwepo ndawerengapa."

"Tabweretsani ndione," anatero mayi wa saluni. Mpando unakhwekhwereza. "Ndi lomwelo limene ndili nalo ine. Palibepo chilichonse. Mwaonatu, ahedi? Munthu kundichititsa manyazi pagulu ndi lamulo la m'mutu mwake. Kapena tiwerengereni nokha, bambo. Werengani timve."

Kachidendene anaimirira ndi zala. Anaona dzanja la bambo ake likupita pa thumba la shati, monga mwa nthawi zonse. Linafika pomwepo n'kuima. Mawu a magalasi aja sanatuluke.

"Kodi bambo," anatero mayi uja, mawu atatsika tsopano, ngati watola chinthu panjira, "mumatha kuwerenga?"



"Ndimawerenga nsapato, mayi," anayankha. "Zanuzo chidendene chakumanzere chatsala sabata imodzi."

Palibe anaseka. Ahedi anatsokomola pang'ono.

"Zimenezo si mlandu, bambo, ndipo sizituluka m'chipinda chino. Mayi, mwamva? Lamulo lachisanu ndi chiwiri likukhudzani inunso." Kenako anafunsa mofatsa, "Koma alipo amene anakuwerengerani pepalali. Alipo anaika kanyenyezika. Ndi ndani?"

Chitseko cha ofesi chinali pongokhota pakona, masitepe khumi osakwana. Kachidendene anadziuza kuti ayende. Anawerenga mumtima, wani, thuu, firii. Mapazi sanasunthe.

"Palibe," anatero bambo ake. Mawu awo anali aang'ono, oti iye sanawamvepo chibadwire. "Ndinamva ndekha molakwika tsiku la msonkhano lija. Kanyenyeziko ndinaika ndine. Mutu ukukalamba."

"Bambo, mwana wanu ali m'kalasi ya..."

"Mwana wanga asalowe m'nkhaniyi. Iye amangophunzira. Mayi, mundikhululukire, ndinakulakwirani pamaso pa mwana wanu."

Ahedi anapuma mozama. Anati komiti ya makolo idzakumana Lachitatu, ndipo chifukwa cha lole ija sakanachitira mwina koma kuwauza onse awiri kuti apume kaye mpaka tsikulo. Za lamulo lopekalo, anati adzayenera kuwafotokozera a komiti mmene zaonekera. Sanamalize n'komwe, bambowo anali atavula kale jekete. Anaipinda bwinobwino, mapewa kukumana, n'kuiika patebulo. Pamwamba pake anasanjikapo wezulo.

"Sindinati mubweze, bambo. Ndati mupume."

"Munthu wopeka malamulo asaimitse magalimoto, mayi. Pepala langalo ndipatseni."

Kachidendene anathawira kuchimbudzi n'kudzitsekera. Atabwerera m'kalasi, mphunzitsi wa masamu anamufunsa ngati anakagona komweko, anzake n'kuseka. Aka kanali koyamba kusekedwa iye osamva kalikonse.

Poweruka, pamsewu panaima mlonda ndi mphunzitsi wa zamasewera. Ana ang'onoang'ono ankafunsana kuti a Wezulo ali kuti. Kamtsikana kena kanaima pageti kakukana kuwoloka, kakuti kadikira iwowo. Mnzake wapadesiki anamukoka dzanja.

"Wamva? Akuti mdala uja amuchotsa. Akuti mutu wake sukoka bwino."

"Mutu wawo uli bwinobwino," anatero Kachidendene. Mnzakeyo anamuyang'ana modabwa, koma iye anali atayamba kale kuyenda.

Sanakwere minibasi. Anayenda wapansi ulendo wonse, kudutsa pamsika wa zitsulo, kudutsa pa mlatho wa njanji, bondo lija likumukumbutsa pa sitepe iliyonse. Ankakonza mawu m'mutu, akafika pakona n'kuwataya, kuyambanso ena. Atafika kuseri kwa depoti analibe ngakhale amodzi.

Bambo ake anali pa benchi yawo, atazunguliridwa ndi nsapato zodikira. Ankasoka nsapato yakuda ya mwana wasukulu. Wailesi, imene sinkazima m'kashedimo, inali chete. Sanakuwe dzina lake monga ankachitira akamuonera patali. Anangosuntha chitini cha misomali kuti apeze pokhala.

Anakhala. Basi ina inalira hutala, kondakitala akuitanira anthu. Singano inkalowa, ulusi n'kutuluka, kulowa, kutuluka.

"Wadya?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ayi."

"Bondo?"

"Likupola."

Anamaliza mzere, analuma ulusi, anaika nsapato pansi. Kenako anapisa m'thumba la shati, lija la magalasi, n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Analitambasula n'kumupatsa. Kanyenyezi kofiira kanali pomwepo.

"Tandiwerengeranso," anatero. "Pang'onopang'ono. Mwina tsiku lija kunali phokoso la mabasi."

Anatambasula zala zonse khumi pamaondo.

Kachidendene anayamba. Mawu ankatuluka okhadzulakhadzula. Buku la pageti. Chala chinapindidwa. Jekete yachikasu. China. Anawerenga lililonse mpaka kumapeto, osadumpha liwu, ngati kuchedwako kungamuthandize. Pa lachisanu ndi chinayi zilembo zinayamba kusambira, koma analimaliza. Kenako anawerenga mzere wopendekera uja, wothokoza, n'kusiya.

Chala chachikulu chakumanja chinali chiimire, chakuda, chokhala ndi kachipsera ka singano kunsonga. Bambo ake sankayang'ana chalacho. Ankayang'ana iye, mopanda ukali, ngati mmene ankayang'anira nsapato yong'ambika pofuna kudziwa pomwe ulusi unayambira kumasuka.

"Atha?" anafunsa.

"Atha, ababa. Alipo asanu ndi anayi."

"Nanga ichi ndichite nacho chiyani?"

"Lachikhumi ndinapeka ine. Lolemba ndikawauza ahedi ndekha, Lachitatu lisanafike. Ndikawauzanso mayi aja."

"Zimenezo ndazidziwa teni koloko," anatero bambowo mofatsa. "Chimene sindikudziwa n'chakuti unalipekeranji."

Kachidendene anayang'ana nsapato zake. Zinali zakale, za chaka chachitatu, koma m'kalasi monse munalibe zowala kuposa izo. Bambo ake ankazipukuta m'mawa uliwonse iye asanadzuke. Anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba sanathawitse maso.

"Ndinkachita nanu manyazi, ababa," anatero. "Sindinkafuna anzanga adziwe kuti ndinu bambo anga."